Mlatho wa miyala wa ku Regensburg: madzi amene anaudwalitsa sanali a mumtsinje

Lipotili ndalembera anzanga a ntchito ya milatho ndi makalavati, makamaka ife amene tinaphunzitsidwa kuti tikafika pa mlatho tiyambe tatsikira kunsi kukaona ngati madzi akufukula maziko. Chizolowezi chimenecho n'chabwino, musachisiye. Koma mlatho umene ndikambe pano unali ndi maziko amene anapirira mtsinje waukulu kwa zaka zoposa 800, ndipo matenda amene anatsala pang'ono kuugonjetsa analowera pamwamba, pamene anthu ankapondapo tsiku ndi tsiku.

Mlathowu uli mumzinda wa Regensburg, m'chigawo cha Bavaria ku Germany, pa mtsinje wa Danube. Eni ake amangoutchula kuti Steinerne Brücke, kutanthauza mlatho wa miyala. Dzinali n'losakometsera, ndipo panalibe chifukwa cholikometsera, poti kwa zaka pafupifupi 800 unali wokhawo mumzindamo umene munthu akanawolokerapo kuchoka tsidya lina la Danube mpaka kukafika linzake. Unamangidwa kuyambira cha mu 1135 mpaka cha mu 1146. Mu 1147 gulu la nkhondo la mfumu ya ku France, Louis VII, linawolokerapo pa ulendo wake wa kum'mawa, ndiye kuti mlatho utangotha unayamba kale kusenza katundu wolemera.

Mmene unamangidwira

Poyamba unali ndi mauta 16, ndipo ndikati uta ndikunena khomo lopindika lija limene madzi amadutsa kunsi kwake. Kutalika kwake konse kunali mamita pafupifupi 336. Lero ndi mamita pang'ono kuposa 300, chifukwa uta woyamba wa mbali ya mzinda unamezedwa ndi nyumba yosungiramo mchere imene inamangidwa pakati pa 1616 ndi 1620. Mchere umenewu musauiwale, tikumana nawonso kutsogoloku. Mauta ndi osiyana kukula, kuyambira mamita 10 mpaka pafupifupi 17, ndipo zipilala zimene amakhalapo n'zonenepa modabwitsa, mamita 6 kapena 7 chimodzi.

Kwa ife amene tinakulira pa konkire ndi zitsulo, uta wa miyala umafuna kuti tisinthe kaganizidwe. Mulibe chitsulo chogwira kukoka. Mwala uliwonse umangokanikiza unzake, unzakewo n'kukanikiza wina, mpaka mphamvu yonse ikatsikire m'chipilala. Kulemera kwa mlatho ndi kumene kumaugwira. Ukaupsinja kuchokera pamwamba mofanana, sudandaula. Chimene sufuna ndi kukankhidwa cham'mbali, komanso kutha kwa matope a laimu a pakati pa miyala, chifukwa zikatero mwala umayamba kukhudza unzake pa kansonga kamodzi m'malo mogona pa nkhope yonse, ndipo pamenepo umang'aluka.

Chinanso n'chakuti mlatho wotere si mwala wosema mpaka mkati. Miyala yosema bwino ili kunja kokha, ngati chikopa. Mkatimo muli zibuma za miyala zosakaniza ndi laimu. Chikopa ndi mnofu zikagwirana, mlatho ndi thupi limodzi. Zikalekana, uli ndi makoma awiri opyapyala amene akuyesa kugwira mulu wa zibuma.

Maziko anawayala atatchinga madzi ndi mpanda wa mitengo, ndipo pansi anagonekapo mitengo ya oak. Omangawo ankauopa mtsinje, ndipo ankadziwa chimene ankaopa. Kuzungulira chipilala chilichonse anamanga kachilumba kosongoka ngati bwato, kuti madzi ndi zibuma za madzi oundana zizigunda pamenepo m'malo mogunda chipilala. Kumeneko amatitchula kuti Beschlächte. Mibadwo yotsatira inatikuza, mpaka mpata wodutsa madzi unachepa kwambiri. Zotsatira zake munthu amaziona ndi maso ngakhale lero: madzi a kumtunda kwa mlatho amakwera ndi pafupifupi theka la mita kuposa a kunsi, amathamanga m'mipatamo ngati mu ngalande, n'kukazungulira mwaukali akangotuluka. Mphamvu imeneyi inkayendetsa zigayo zimene zinamangidwa pamlathopo. Kwa a maboti linali tsoka. Boti lokwera mtsinje linkachita kukokedwa kuti lidutse, ndipo kuyambira mu 1916 mpaka 1964 ntchito yokokayo inkagwiridwa ndi makina a magetsi.

Ndinaima pa gombe pafupi ndi uta wa kumzinda, pamene pali kanyumba kakale kootchera masoseji, ndipo chimene chinandigwira si maonekedwe koma phokoso. Madzi amalira osalekeza, moti mnzako akamalankhula uyenera kumusendera pafupi. Injiniya aliyense woima pamenepo maganizo ake amathamangira ku maziko. Anganso anathamangira komweko.

Mabala ooneka

Mbiri ya mlathowu ili ndi mabala ambiri, ndipo ndidutsapo mwachangu. Mu 1633, pa nkhondo ya ku Ulaya imene inatenga zaka 30, uta umodzi wa kufupi ndi mzinda unaphwasulidwa dala kuti adani asawoloke. M'malo mwake anaikapo mlatho wa matabwa wotukula, umene unakhalapo mpaka cha mu 1790 pamene anabwezerapo miyala. Panali nsanja zitatu za alonda. Yapakati inaonongeka ndi chigumula cha madzi oundana mu 1784 ndipo anaigwetsa. Ya kumpoto inavulala pa nkhondo ya asilikali a Napoleon wa ku France ndi a ku Austria mu 1809, n'kugwetsedwa chaka chotsatira. Yatsala imodzi, ya mbali ya mzinda. Pa 23 April 1945, kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a Germany, pothawa asilikali a Amereka, anaphulitsa zipilala ziwiri, ndipo ntchito yobwezera inafika kumapeto mu 1967. M'zaka za m'ma 1950 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1960 tizilumba tija anatichepetsa n'kutilimbitsa.

Onani kuti mabala onsewa anali oti ngakhale mwana awaloza. Uta ukagwa, palibe amene amafunsa ngati ndalama zokonzera zipezeke. Zimapezeka basi.

Kusintha kumene kunalibe phokoso kunkachitika pamwamba. Mlathowu unamangidwira anthu apansi, akavalo ndi ngolo. Mu 1732 anafuna msewu wotakasuka, ndiye anachotsa makoma onenepa a m'mbali n'kuikapo miyala yopyapyala yoimika. Mu 1877 anasinthanso miyalayo n'kuika ya granite, mwala wolimba kwambiri, ya ku Flossenbürg, ku Bavaria komweko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 sitima yamagetsi ya mumsewu inayamba kudutsapo, ndipo anachita kugumula nyumba za pafupi ndi nsanja kuti ipeze khomo. Kenako magalimoto, kenako mabasi. M'badwo uliwonse unkangowonjezapo pang'ono, ndipo aliyense ankati: wapirira zonsezi, alephera bwanji kaka? Kutakasa msewu kumatanthauza kuti matayala amayandikira m'mphepete, pamwamba penipeni pa chikopa chija.

Zizindikiro zoyamba ndi zimene anapeza

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1900, aliyense woyang'ana kunsi kwa mauta ankaona kuti mlatho ukudwala. Miyala inali yonyowa, ina yong'aluka, ina ikufumbutuka pankhope, ndipo matope a m'mipata ankatha. Kufufuza kunatenga zaka, ndipo kunaloza zinthu ziwiri zogwirizana.

Choyamba, pamwamba pa mlatho panalibe chotchinga madzi chodalirika, ndipo njira zotayira madzi sizinkagwira bwino ntchito. Mvula ikagwa, ina inkalowa m'mipata ya msewu n'kutsikira mu mnofu wa mlatho. Madzi saiwala khwawa: akapeza kanjira kamodzi, chaka chamawa abwerera pomwepo atakakuza. Pa ulendo wawo amasungunula laimu n'kumutulutsa, ndipo mizere yoyera imene mumaona kunsi kwa uta wa miyala si utoto wa ukalamba, ndi mphamvu ya mlatho imene ikutuluka. Ku Bavaria kumazizira mpaka madzi kuundana, ndipo madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Ali mkati mwa mng'alu amakhala ngati mphero yokhomedwa pang'onopang'ono, usiku kukhoma, masana kumasula, nyengo yozizira yonse.

Apa mpamene mchere ukubwerera. Kale unkafika pa maboti, n'kusungidwa m'nyumba ija ya pakhomo pa mlatho, ndipo unkabweretsa chuma. M'nthawi yathu unkafika pa galimoto za khonsolo, n'kumwazidwa pamsewu nyengo yozizira kuti matayala asaterereke. Mchere wosungunuka umalowa m'timabowo ta mwala. Madzi akauma, umatsala n'kupanga timibulu timene timakula n'kukankha mwala kuchokera mkati. Gawo lalikulu la mlathowu ndi mwala wamchenga wobiriwira wa m'deralo, umene umamwa madzi. Mwala wotere ukadwala mchere, ukaukhudza ndi chala umatsalira mchenga m'manja ngati wagwira buledi wouma.

Chachiwiri chinali katundu. Basi yodzaza si ngolo. Tonse timadziwa lamulo la misewu lakuti kuonongeka kumakwera mofulumira kwambiri kuposa kulemera kwa ekiselo, chitsulo chija cholumikiza matayala a mbali ziwiri: ukawirikiza kulemera kawiri, kuononga kumawirikiza pafupifupi ka 16. Lamulo limenelo ndi la msewu, si la uta, koma likutithandiza kuona chimene chinkachitika pa chophimba cha mlatho, msewu wa pamwamba uja. Mabasi ankagwedeza ndi kutsegula mipata, mipata inkalowetsa madzi, madzi ankafooketsa mkati, mkati mofooka munkalola chophimba kusuntha kwambiri. Komanso mlathowu ndi wa linunda, umakwera pakati, ndiye basi imakoka pokwera n'kugwira mabuleki potsika. Kukankha cham'mbali kuja uta sufuna, n'kumeneku.

Panalinso dzanja la ife tomwe. Pokonza m'mbuyomu amisiri anagwiritsa ntchito simenti m'malo ambiri, monga aliyense ankachitira nthawi imeneyo. Simenti ndi yolimba kuposa mwala wamchenga ndipo salola chinyezi kutuluka msanga. Pa khoma la laimu, chinyezi chimatulukira m'mipata, mchere n'kudya matope, ndipo matope ndi otsika mtengo kubwezera. Ukatseka mpata ndi simenti, chinyezi chimatulukira m'mwala, ndiye chodyedwa ndi mwala. Mpata umatsala wooneka bwino, wotuluka ngati nthiti, mwala utalowa mkati.

Pano ndiulule zanga, pakuti sindingaloze chala amisiri a zaka za m'ma 1960 ngati kuti ine manja anga ndi oyera. Ndili wamng'ono pa ntchito ndinapatsidwa kukonza khoma la miyala la pakamwa pa kalavati, pa msewu wina wafumbi. Khomalo linkachucha madzi m'mipata ndipo linkaoneka lonyansa. Ndinalamula kuti alipake pulasitala wa simenti lonse, mpaka timabowo totulutsira madzi tinatsekeka. Bambo wina wachikulire amene ankatsogolera omanga anandifunsa mwaulemu kuti, "Bwana, nanga madziwa azitulukira kuti?" Ndinamuyankha kuti tikufuna asamatulukenso. Anangoti, "Chabwino, bwana." Dzinja lachiwiri khoma linafufuma ngati mimba n'kugwera m'khwawa lonse lathunthu, pulasitala wanga ali bwinobwino, wosang'aluka. Kwathu kulibe mchere wa pamsewu kapena madzi oundana, koma madzi otsekeredwa kuseri kwa khoma amachita zomwezo.

Zigamulo, ndi chifukwa chake

Chigamulo choyamba sichinachokere kwa mainjiniya. Mu 1997 anthu a mumzinda anavota, ndipo magalimoto a anthu wamba analetsedwa kudutsa pamlathopo. Mabasi ndi matakisi anapitiriza.

Ndimamvetsa chifukwa chake. Tsidya linalo kuli Stadtamhof, dera limene kale linali pansi pa ulamuliro wina ndipo linalowa mumzinda wa Regensburg mu 1924, ndipo kumpoto kwake kuli madera ena a anthu ambiri. Mlathowu ndi njira yachidule yofikira pakati pa mzinda. Wa galimoto yake akhoza kuzungulira, koma wokwera basi, nkhalamba, mwana wa sukulu, ukamuzunguliritsa wamulanga. Komabe tikayang'ana ndi diso la mwala, chigamulochi chinachotsa opepuka n'kusiya olemera. Kwa zaka zina 11 mabasi ankadutsabe pa mlatho umene aliyense ankadziwa kuti ukudwala. Ife tikamapereka malangizo ochepetsa katundu pa mlatho, tizinena poyera kuti kuchepetsa chiwerengero cha magalimoto ndi kuchepetsa kulemera kwa ekiselo ndi zinthu ziwiri zosiyana, chifukwa andale amasankha chosavuta pa ziwirizo n'kuganiza kuti amvera injiniya.

Mu 2005 anaika timakina toyeza kusuntha kwa mlatho usana ndi usiku. Ichi n'chigamulo chabwino ngati ukudziwa chimene uchite nambala ikafika pakutipakuti. Timakina sitichiza. Timangokugulira nthawi, ndi kukupatsa umboni woti uike patebulo.

Mu 2006 mzinda wakale wa Regensburg pamodzi ndi Stadtamhof zinalowa m'ndandanda wa UNESCO, bungwe la United Nations, wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse. Zimenezi zinasintha nkhani m'njira ziwiri: mlatho unapeza abwenzi ambiri, koma chilichonse chomangidwa pafupi nawo chinayamba kuyang'aniridwa ndi maso ambiri.

Pokhotera penipeni panafika pa 1 August 2008, pamene mlatho unatsekedwa kwa mabasi ndi matakisi, mwadzidzidzi. Chimene chinautseka ndi chimene ndikufuna anzanga tichiganizire bwino. Sanali mauta, sunali mchere. Lipoti la akatswiri linanena kuti makoma a m'mbali, miyala yoimika ija, sakanatha kugwira basi itaphonya msewu. Basiyo ikanapyola n'kugwera mu Danube ndi anthu ake.

Makomawo sanafooke usiku umodzi. Anali choncho kwa zaka zambiri. Malipoti onena za mwala wofumbutuka analipo kale, ndipo ankawerengedwa, n'kuikidwa m'kabati. Koma lipoti likanena kuti mwala ukutha, wowerenga amamva kuti nthawi ilipo. Likanena kuti mawa m'mawa basi ikhoza kugwera mumtsinje, ndipo iwe wauzidwa, palibe mkulu wa mzinda amene angagone nalo. Sindikunena kuti tizikokomeza kuti atimvere. Injiniya wokuwa pachabe amatha msanga. Ndikunena kuti poyendera mlatho tisamathere pa funso lakuti kodi ugwa. Tizifunsanso kuti ndi njira ziti zimene munthu angafere pano mlatho uli chiimire. Nthawi zambiri yankho limakhala m'zinthu zimene timaziyesa zazing'ono, monga khoma la m'mbali, ndipo pa fomu yoyendera timangozichonga podutsa.

Atatseka, funso linatsala lakuti mlatho aukonzere chiyani. Njira imodzi ikanakhala kuulimbitsa kuti unyamulenso mabasi. Mwaukadaulo n'zotheka: umafukula mkati, n'kuthiramo konkire ya zitsulo pamwamba pa mauta, n'kumanga makoma a m'mbali otha kugwira basi. Koma ukatero watsala ndi mlatho wa konkire wovala miyala. Wachotsa mnofu wa zaka za m'ma 1100 umene ukufuna kuteteza, ndipo waika chinthu chouma gwa pamwamba pa chinthu chimene chakhala zaka mazana chifukwa chotha kusuntha pang'ono. Mzinda unasankha njira inayo: mlatho ukonzedwe kuti ukhale wa anthu apansi ndi a njinga, ndipo magalimoto asabwererenso. M'malo mokweza mphamvu ya mlatho kuti ifike pa katundu, anatsitsa katundu kuti afike pa mphamvu ya mlatho. Kwa ine chimenechi ndicho chigamulo chachikulu pa nkhani yonseyi, ndipo ife amene tinaphunzira kuwerengera zitsulo sitichiganizira msanga, chifukwa chimaoneka ngati kugonja.

Ntchito yokonza

Ntchito inayamba mu 2010, ndipo anaigawa m'zigawo zinayi. Sanatseke mlatho wonse. Pambali pa chigawo chimene chikukonzedwa ankamanga kanjira kachitsulo kongoyembekezera, kuti anthu apansi aziwolokabe. Zimenezi zimadya ndalama ndi nthawi, koma anthu amene angolandidwa basi, ukawalandanso njira ya miyendo, ntchito yako yapeza adani.

Chigawo chogwiridwa ankachizinga ndi masikafodi n'kuchifolera denga. Poyamba munthu akhoza kuona ngati n'kudzikongoletsa, koma taganizani: ukachotsa chophimba cha pamwamba, mnofu wonse wa mlatho uli pamtetete. Mvula imodzi yamphamvu ikhoza kuthira madzi ambiri m'menemo kuposa a chaka chathunthu chophimba chilipo. Ukakhala kuti ukuchiza matenda a madzi, sungayambe ndi kumiza wodwala.

Mfundo yotsogolera inali yakuti chakale chisungidwe paliponse pamene chingasungike. Miyala inalembedwa m'mapu, uwu ndi wabwino, uwu ukonzedwe, uwu uchoke. Simenti yovulaza inachotsedwa m'mipata n'kubwezeramo matope ogwirizana ndi mwala. Pamene mwala unatheratu anaikapo wina wa mtundu womwewo, ndipo kuupeza inali ntchito payokha, chifukwa malo okumbako mwala wobiriwirawu, a cha ku Ihrlerstein kufupi ndi Kelheim, ambiri anasiyidwa kalekale. Wina angafunse kuti bwanji osangoika mwala wolimba kwambiri kuti ukhalitse. Yankho ndi lomwe lija la simenti. Mwala wolimba pakati pa ofewa umakoka katundu, umakankhira chinyezi kwa anzake, ndipo pakapita zaka umatsala wokha, oyandikana nawo atadyeka.

Pamwamba ndi pamene panagona mankhwala enieni. Anayala chotchinga madzi, anakonza njira zotayira madzi, kenako anayala miyala yatsopano ya granite yopondapo ndi kuimika makoma a m'mbali. Munthu wodutsa amaona granite n'kuyamikira. Chimene chikusunga mlatho ndi chopyapyala chija chili kunsi kwake, chimene palibe mlendo adzachijambule.

Ntchito inachedwa kuposa mmene anaganizira, makamaka chigawo choyamba. Omanga a zaka za m'ma 1100 anamanga mlatho wonse m'zaka pafupifupi 11, ndipo ife ndi makina athu tinatenga zaka 8 kuukonza. Anthu ankaseka nazo, koma amene anagwirapo chinthu chakale sadabwa. Pa mlatho watsopano chojambula chimatsogola, ntchito n'kutsatira. Pa wakale, ukavundukula ndi pamene umadziwa chimene uli nacho, ndipo zimene wapezazo zimakubweza ku tebulo. Laimu safuna kuthamangitsidwa, ndipo kukazizira kwambiri sagwira, ndiye miyezi ina ya chaka imapita. Mtsinje nawo uli ndi nthawi yake: mu June 2013 Danube anasefukira kwambiri ku Regensburg ntchito ili mkati. Kontirakiti ya mtengo wokhomerera ndi tsiku lokhomerera, yolembedwa ngati kuti tikudziwa zonse za mkati, imabala mikangano pa ntchito yotere. Ine ndikanati ndilembe, ndikanayamba ndi kachigawo kakang'ono koyesera, ndi mitengo ya pa mwala uliwonse, ndi ndalama yapadera yodikira zodzidzimutsa yoposa imene timaika pa ntchito yatsopano.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi kudekha kunali mbali ya ukadaulo, osati ulesi.

Ndisanafike ku zotsatira, kankhani kamodzi kamene alendo onse amauzidwa. Akuti womanga mlatho anabetcherana ndi womanga tchalitchi chachikulu cha mumzindamo kuti atsirize ndani msanga. Wa mlatho ataona kuti akutsalira anapangana ndi Satana, kumulonjeza mizimu itatu yoyamba kuwoloka. Mlatho utatha anatsogoza tambala, thadzi ndi galu. Satana pokwiya analowa kunsi n'kuyesa kuuthyola ndi msana, koma anangoupinda, n'chifukwa chake uli ndi linunda. Pamwamba pa linundapo pali kachifanizo ka mnyamata wotchedwa Bruckmandl, atakhala pa kadenga, dzanja lili pamphumi, akuyang'ana ku tchalitchi. Masiku sagwirizana, chifukwa tchalitchi chilipochi chinayamba kumangidwa patapita zaka zoposa 100 mlatho utatha. Chimene chimandiseketsa n'chakuti ngakhale m'nthano mdani wa mlatho amachokera kunsi.

Zotsatira

Mlatho unatsegulidwanso wonse mu June 2018. Ntchito yonse inadya pafupifupi mayuro (ndalama za ku Ulaya) 20 miliyoni. Kachifanizo kaja, kamene kanali katathyoka mkono, kanakonzedwa n'kubwezeredwa pamalo pake. Lero pamadutsa anthu apansi ndi a njinga okha.

Sindinganene kuti matenda anatha tsiku lotsegulira. Khoma lonenepa mamita angapo limene lamwa madzi kwa zaka zambiri limauma pang'onopang'ono, ndipo pouma limatulutsa mchere umene unalowa kale. Choncho mizere yoyera ikaoneka pambuyo pa ntchito yotere, tisathamangire kunena kuti chotchinga chaboola; tiyambe taona ngati banga likukula mvula ikagwa kapena likungouma. Chotchinga madzi nachonso sichikhala zaka 800. Chili ndi moyo wa zaka makumi angapo, ndipo chili pobisika, ndiye adzafunika munthu wokumbukira kuti chilipo, ndi pepala lonena pamene chimathera ndi mmene chinalumikizidwira ku ngalande. Malo olumikizira ndi pamene chimayambira kulephera.

Ndinabwererako tsiku lina kukuwaza mvula, ndipo ulendo uno sindinatsikire ku gombe. Ndinayenda pamwamba, maso ali pansi, kutsatira madzi. Ankatsetsereka pa granite yonyezimira, osaima paliponse, n'kukalowa m'malo awo otayira. Ndinagwada pa malo amodzi kuona ngati masamba ndi zotsalira za ndudu zatseka pakamwa, ndipo anthu odutsa ankandizungulira n'kumandiyang'ana ngati ndataya ndalama.

Chimene sichinathe bwino ndi nkhani ya mabasi. Mzinda unaganiza zomanga mlatho wina wa mabasi, kumadzulo kapena kum'mawa kwa wakalewu. Maganizowo anakambidwa kwa zaka, koma anakumana ndi otsutsa: oteteza zakale ankaopa kuti mlatho watsopano uononga maonekedwe a mzinda umene wangolowa kumene m'ndandanda wa UNESCO, ndipo ena ankateteza zilumba ndi magombe a mtsinje. Mlathowo sunamangidwe. Mabasi a kumpoto amazungulira, kudzera pa milatho ina monga Nibelungenbrücke, ndipo nthawi yowonjezerayo amalipira ndi wokwera basi, m'mawa uliwonse, kuyambira mu 2008.